Amayamba Akoka Asanakankhe

Munthu wosazolowera akagwira sirinji amangodziwa kukankha. Wogonetsa odwala amene ntchito inamulowa m'manja amayamba ndi kukoka. Singano ikafika pamene akufuna, chala chake chimabweza ndodo ya sirinji pang'ono, maso ali pakhosi pa sirinjiyo kuona ngati mubwere kadontho kofiira. Mukapanda kubwera kanthu amakankha mamililita 3 kapena 5, n'kuima. Amamufunsa wodwala kafunso, ndipo yankho amalimvetsera mpaka lithe. Akatero amakokanso. Sirinji imodzi imatha kumudyera mphindi ziwiri kapena zitatu, pamene wina akanaikhuthula m'kuphethira kwa diso. Ndagwira ntchito ya unamwino m'fiyeta zaka zambiri, ndaona maopaleshoni akuluakulu amene anthu amawatama, koma pa ntchito zonse za manja imene ndimaisilira ndi kabayidwe kameneka.

Kwathu ku Nancholi chuma cha anthu ambiri ndi manja. Ena amaumba njerwa, ena amaswa miyala, ena ndi amisiri omanga, ndiye pali anyamata a kabaza amene amaswera tsiku lonse akukwera ndi kutsika pakati pa misewu yathu yokumbika ndi msewu wa ku Chikwawa. Ngozi ikabwera, kawirikawiri imafikira mkono. Fupa lathyoka pafupi ndi dzanja, chikwanje chadula mitsempha, mwala waphwanya chala. Ulendo wake umakhala wa ku Gulupu. Bala likafuna opaleshoni, njira zilipo ziwiri: kumugonetsa munthu yense n'kumulowetsa chubu kukhosi, kapena kugonetsa mkono wokhawo mwiniwake ali maso. Yachiwiriyi imatikomera m'zambiri. Wodwala amapuma yekha. Amene anali atangodya nsima ngozi isanachitike sakhala pachiopsezo chachikulu choti masanzi amulowe m'mapapo. Okosijeni sapita wambiri. Opaleshoni ikatha, mkono umakhalabe zii kwa kanthawi, munthu n'kubwerera kuwodi akucheza ndi gadiyani wake.

Amene amagwira ntchitoyi m'zipatala zathu zambiri ndi ma clinical officer amene anadutsa ku Malawi School of Anaesthesia, sukulu ya pa Gulupu pomwepo, chifukwa madokotala a ukatswiri wogonetsa m'dziko muno ndi owerengeka. Dr Paul Fenton wa ku Britain, amene anagwira ntchito kuno zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, ndiye anathandiza kukhazikitsa maphunzirowa, ndipo a Cyril Goddia anasula mibadwo ya ogonetsa amene lero ali m'maboma ambiri. Mu 2003 Fenton ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa maopaleshoni a amayi obereka okwana 8,070 ochitika m'zipatala za m'Malawi. Anapeza kuti imfa zinali zochepa pamene wogonetsa anali wophunzitsidwa bwino, komanso pamene mayi anabayidwa jakisoni wa pamsana m'malo momugonetsa yense. Jakisoni wa pamsanayo amayi ambiri a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amamudziwa ndi thupi lawo. Koma pamsana pamalowa mankhwala ochepa, mamililita awiri kapena awiri ndi theka. Kuti mkono ugone pamafunika 20 kapena 30, ndipo amabayidwa pambali penipeni pa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Vuto lonse lagona pamenepo.

Mankhwala ochititsa dzanzi amene timakhala nawo ndi awiri, lignocaine ndi bupivacaine; wachiwiriyu m'fiyeta timangoti Marcaine. Onse anachokera ku Sweden, woyambayo mu 1943 m'manja mwa Nils Löfgren, winayo mu 1957. Ululu umafika ku ubongo kudzera m'minyewa, tizingwe toyera timene timanyamula mphamvu yochepa ya magetsi. Mphamvuyo imayenda chifukwa timakomo ting'onoting'ono ta pakhungu la mnyewa timatseguka kuti sodium alowe. Mankhwalawa amatseka timakomoto, uthenga n'kuthera panjira. Koma timakomo ta mtundu womwewo tili mu ubongo, tilinso mumtima. Mankhwala akakhala m'mbali mwa mnyewa wa mkono, magazi amawatenga pang'onopang'ono, chiwindi n'kumawaphwanya osavuta. Akalowa mumtsempha wa magazi nthawi imodzi, kapena akachuluka kuposa msinkhu wa munthuyo, amafika ku ubongo ndi kumtima ali ndi ukali wawo wonse. Mu ubongo amayamba atseka minyewa imene ntchito yake ndi kuletsa inzake, choncho munthu amayamba kuphupha asanakomoke. Mumtima amasokoneza kagundidwe. Bupivacaine ndiye woopsa zedi, chifukwa amagwira timakomo ta mtima msanga koma kutisiya amachedwa, moti mtima ukamagundanso umapeza asanachokepo.

Wogonetsa wabwino ntchito amaiyambira pa sikelo. Samangoyang'ana munthu n'kunena kuti ameneyu ndi wa makilogalamu 70. Anthu athu ambiri amalemera mocheperapo kusiyana ndi mmene majekete awo amaonetsera, ndipo wodwala TB, wokalamba, mayi woyembekezera, khanda, kapena amene chiwindi ndi mtima zinafooka, sapirira mlingo umene mnyamata wamphamvu amapirira. Masamu ake ndi apafupi koma salola kuphonya. Lignocaine wa 2 peresenti ali ndi mamiligalamu 20 mu mililita iliyonse, wa 1 peresenti ali ndi 10. Malire amene timaphunzitsidwa ndi mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ngati ali yekha, 7 ngati wasakanizidwa ndi adrenaline, amene amafinya timitsempha kuti mankhwala asathamangire m'magazi. Bupivacaine malire ake ndi 2 basi. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti sapitirira mamililita 4 a Marcaine wa theka la peresenti. Ndinkagwira ntchito ndi bambo wina wachikulire amene ankalemba masamuwa ndi cholembera pa pulasitala, n'kuimata pa sirinji, ngakhale kuti akanatha kuwanena ali m'tulo. Ankati zolembedwa sizitopa, mutu ndiwo umatopa.

Bambo ameneyu ndinamuona akugonetsa mkono wa mnyamata wa kabaza amene anathyoka pamwamba pa dzanja. Sikelo inati 55. Malire a lignocaine wa adrenaline anali mamiligalamu 385. Iye anatenga mamililita 15 a wa 2 peresenti, n'kuwonjezera madzi a diripi 15, kupanga mamililita 30 a 1 peresenti, mamiligalamu 300. Malire sanawafike, anasiya mpata mwadala. Asanakhudze singano anaonetsetsa kuti kanyula ili kale kumkono winawo ndipo diripi ikuyenda, kachipangizo koyeza okosijeni kali pachala, thumba la Ambu lothandizira kupuma lili pafupi, diazepam woletsa kuphupha watungidwa ndi kulembedwa dzina. Zonsezi zimakonzedwa chifukwa cha chinthu chimene mwina chaka chingathe osachiona.

Anatambasula mkono wa mnyamatayo, n'kupinda chigongono, m'khwapa n'kuonekera. Anatsuka khungu. Kenako anaika zala ziwiri za kumanzere m'khwapamo n'kufatsa, maso kumbali, kumvetsera ndi zala kugunda kwa mtsempha waukulu. Minyewa itatu ikuluikulu yopita kudzanja imazinga mtsempha umenewo, wina pamwamba, wina pansi, wina kumbuyo, ndipo mitsempha yobweza magazi ili pomwepo, yofewa, yoti chala chikangodinikiza imaphwa osaoneka. Amene amalowetsa singano pamenepa amakhala akuilozetsa dala pafupi ndi chinthu chimene akuchiopa. Zala ziwiri zija sizinasunthenso. Singano inalowa pang'onopang'ono mpaka anamva kuti yaboola kachikopa kokuta minyewa. Dzanja logwira singano analitsamiritsa pathupi la wodwala, kuti mnyamatayo akagwedezeka, singano igwedezeke naye limodzi.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Nancholi, adokotala."

Anakoka. Munalibe magazi. Anakankha mamililita 3, n'kuima, khutu lili ku kachipangizo kamene kamalira pa kugunda kulikonse kwa mtima.

"Ndinu a Maule kapena a Manoma?"

"Maule, adokotala, mpaka kale."

"Chabwino. Mukamva lilime likuchita dzanzi, makutu akulira, kapena chizungulire, mundiuze pompo. Musachite manyazi, musadikire kuti ndikufunseni."

Mamililita 3 oyambawo ali ndi ntchito yawoyawo. Amanyamula adrenaline wokwana mamaikilogalamu 15, ndipo ngati nsonga ya singano ili mumtsempha, mtima umathamanga mphindi isanathe. Njira yoyesera imeneyi anaifotokoza Moore ndi Batra mu 1981. Kulira kwa kachipangizoko sikunasinthe. Anakokanso, anakankha 5, anaima. Anafunsa za njinga, ngati inali yake kapena ya bwana, ndi ndalama zimene amapereka madzulo. Anasuntha singano kuti afike mbali ina ya mtsempha, ndipo chifukwa singano yasuntha, anakoka kawiri.

Wina akhoza kuganiza kuti macheza amenewa ndi ongotonthoza wodwala. Amatonthozadi, koma si pokhapo. Poizoni wa mankhwalawa nthawi zambiri amayamba kudziulula m'kamwa: dzanzi pamilomo ndi palilime, kulawa zachitsulo, mawu kulemera, munthu kuyamba kubwebweta kapena kungoti zii pakati pa nkhani. Palibe makina m'fiyeta amene angaone zimenezi wodwala mwiniwake asanazimve. Wogonetsa akamafunsa za mpira amakhala akumvetsera lilime, ngati mawu akutuluka mmene amatulukira mphindi yapitayo. N'chifukwa chake sapereka mankhwala ambiri ogonetsa tulo asanabaye, ngakhale wodwala achite kupempha. Munthu wamkonono sanganene kuti makutu akulira. Ndipo n'chifukwa chake ndimati kulankhula chilankhulo cha wodwala ndi mbali ya luso lenilenilo. Gogo wa ku Machinjiri amauza msanga munthu amene wamulonjera mwaulemu, wamufunsa za kumudzi, kusiyana ndi amene wangofika ndi singano. Anthu athu anakula akuuzidwa kuti kudandaula pamaso pa adokotala ndi mwano, ndipo ambiri amalolera kupirira. Wogonetsa waluso amawamasula manyazi amenewo singano isanalowe.

Kukoka pakokha sikokwanira, ndipo ogonetsa amadziwa. Nthawi zina nsonga ya singano imakhala mumtsempha koma khoma la mtsemphawo limamatirira pabowo, magazi osabwera. Ndiye pamafunika kubaya pang'onopang'ono. Mankhwalawa ali ngati mchere m'ndiwo: wochepa uwonjezera, wochuluka sungauvuule, ndiye umathira pang'ono n'kulawa. Mamililita 5 olowa mumtsempha molakwika amabweretsa chizungulire ndi kulira kwa makutu. Mamililita 30 olowa nthawi imodzi akhoza kuimitsa mtima. Kuima kwa masekondi 20 kapena 30 pakati pa kukankha kulikonse kumapatsa magazi mpata wofikitsa mankhwala ku ubongo, kuti ngati pali chenjezo limveke ambiri akadali m'sirinji.

Ndinaona chenjezolo likumveka m'chipatala china. Mayi wachikulire anali pakati pofotokoza za zidzukulu, kenako anati, "Mwanangu, m'kamwamu mukumveka chitsulochitsulo." Wogonetsayo sanafunse kawiri, komanso sanati tatsala pang'ono amayi. Chala chinachoka pa sirinji, singano inatuluka, okosijeni anafika pankhope. Milomo ya mayiyo inanjenjemera pang'ono, diazepam ali m'manja mwanga, koma sitinafike pomupereka. Patapita kanthawi anayambiranso kulankhula bwinobwino. Mankhwala oposa theka anatsala m'sirinji, ndipo opaleshoni inachitika tsiku lina. Kusiya ntchito ili pakati, dokotala wa opaleshoni atavala kale magolovesi, odwala ena ali pamzere, kumafuna mtima wolimba kuposa kubaya.

Luso limeneli linagulidwa ndi miyoyo. Chiyambire 1884, pamene Carl Koller ku Vienna anadontheza cocaine m'diso ndipo William Halsted ku New York anayamba kumubaya pafupi ndi minyewa, madokotala akhala akuona odwala akuphupha ndi kufa ndi mankhwala a dzanzi. Mu 1979 George Albright ku America analemba za odwala angapo amene mitima yawo inaima mwadzidzidzi atabayidwa bupivacaine kapena mnzake etidocaine, ndipo kuwatsitsimutsa kunali kovuta modabwitsa. Mu 1983 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaletsa kugwiritsa ntchito bupivacaine wa 0.75 peresenti pa amayi obereka. Kuyambira nthawi imeneyo kubaya pang'onopang'ono ndi kuyamba ndi kamlingo koyesera kunasanduka lamulo. Chala chimene chimakoka m'khwapa mwa mnyamata wa ku Nancholi chikutsatira phunziro limene linachokera pa imfa za amayi amenewo.

Zikavuta ndithu, ntchito imasintha liwiro. Munthu amene amachita zinthu modekha uja amathamanga kuposa aliyense m'chipindamo. Choyamba ndi mpweya. Wodwala akamaphupha sapuma, okosijeni amatsika, magazi amasasa, ndipo zimenezi zimawonjezera ukali wa poizoni pamtima. Ndiye mmodzi amagwira chibwano ndi thumba la Ambu, wina amapereka diazepam kapena midazolam. Mtima ukaima, timadinikiza pachifuwa mosinthana, adrenaline n'kuperekedwa pang'onopang'ono, osati mlingo waukulu wa nthawi zonse. Apa sitifulumira kutaya mtima, chifukwa mtima woterewu si wodwala, wangogwidwa ndi mankhwala, ndipo ukhoza kubwerera ngakhale ola litadutsa. Nthawi zina poizoniyu sachenjeza n'komwe, amangofikira kumtima. Nthawi zina amabwera mochedwa, singano itachoka kalekale. Wogonetsa wabwino sachoka kukamwa tiyi atangomaliza kubaya. Kwa theka la ola amakhala pamene angamve mawu a wodwala.

Lero mankhwala olimbana ndi poizoniyu alipo. Mu 1998 Guy Weinberg wa ku Chicago anaonetsa pa makoswe kuti mafuta odyetsera odwala kudzera m'diripi amateteza mtima ku bupivacaine. Mu 2006 Meg Rosenblatt ndi anzake ku New York anapulumutsa bambo wa zaka 58 amene mtima unaima atabayidwa pakhosi kukonzekera opaleshoni ya phewa. Zina zonse zitakanika anamupatsa mamililita 100 a mafutawo, mtima n'kuyambiranso, ndipo anachira ubongo uli bwinobwino. Mafuta oyera mbee amenewa, Intralipid wa 20 peresenti, amakoka bupivacaine kumuchotsa kumtima ndi ku ubongo, komanso amaupatsa mtima mphamvu. Amayamba ndi mililita imodzi ndi theka pa kilogalamu, diripi n'kupitiriza, osadutsa mamililita 12 pa kilogalamu. Propofol, mankhwala ogonetsera, naye ndi woyera, koma salowa m'malo mwake, amangofooketsa mtima wofooka kale. Si fiyeta iliyonse m'dziko muno imene ili ndi thumba la mafutawa pafupi, ndipo ndimafunitsitsa kuti paliponse pamene pali Marcaine likhalepo, poonekera, aliyense akudziwa shelefu yake. Thumba limodzi likhoza kukhala chaka osagwira ntchito, n'chifukwa chake limaiwalika pa oda. Ogonetsa athu sayenera kusiyidwa kuti adalire manja okha. Koma poti nthawi zambiri amasiyidwadi choncho, manja awo afika pamene ndikunenapa.

Makina a sikani asintha zambiri kumene afika. Tsopano wogonetsa amaona minyewa, mtsempha ndi singano pa sikirini, amaona mankhwala akuzungulira mnyewa, ndipo amafunika ochepa. Kafukufuku wa Barrington ndi Kluger wa mu 2013, wa majakisoni otere oposa 25,000, anapeza kuti sikani imachepetsa kwambiri poizoniyu. Koma sinamuthetse. Pa sikani manja onse awiri a wogonetsa amakhala otanganidwa, ndiye sirinji amagwira namwino, ndipo mwambo uja umasanduka wa anthu awiri. "Kokani, sisita." "Mulibe magazi." "Kankhani awiri." Mankhwala akakankhidwa koma osaoneka pa sikirini, amati imani, chifukwa ndiye kuti akupita kwina. Achinyamata amene anaphunzira pa sikani ndimawaona akuchita bwino, makamaka amene anadutsanso m'manja mwa akuluakulu a zala ziwiri aja.

Mwambo womwewu uli m'malo amene anthu sawaganizira. Pafupifupi mnyamata aliyense amene anapita ku mdulidwe wa kuchipatala anabayidwa jakisoni wogonetsa minyewa, ndipo kumeneko lignocaine amakhala wopanda adrenaline, malire ake ndi mamiligalamu 3 aja pa kilogalamu. Mwana wa makilogalamu 30 sayenera kudutsa 90, kutanthauza mamililita anayi ndi theka a wa 2 peresenti. Pamzere wa anyamata ambiri nthawi ya holide, kukwera sikelo mmodzimmodzi kumaoneka kochedwetsa, koma wodziwa ntchito sadumpha. Chimodzimodzi wozula mano, ndi namwino wosoka mayi atangobereka.

Mkono wa mnyamata wa kabaza uja unagona patapita mphindi 20. Sankatha kupinda zala, ndipo atamutsina pachikhatho anangoseka. Koma dokotala wa opaleshoni atatsina ndi chopanira kumbali ya chala chachikulu, pamwamba pa dzanja, mnyamatayo anakwinya nkhope. Izi zimachitika, chifukwa mnyewa wina umapatuka pa inzake usanafike m'khwapa, ndipo nthawi zina jakisoni amauphonya. Dokotala anaitanitsa lignocaine kuti awonjezere pakhungupo, namwino wina n'kuyamba kutunga wa 2 peresenti m'sirinji ya mamililita 10. Apa ndi pamene anthu ambiri amaiwala kuti mankhwala a wogonetsa ndi a dokotala amakakumana m'magazi amodzi. Bambo uja anayang'ana pulasitala yake.

"Adokotala, ndapereka kale 300 mwa 385. Tengani wa 1 peresenti wa adrenaline, ndikusakanizirani. Mamililita 8 ndiwo malire, koma 5 akukwanirani."

Dokotala anabaya 5, akukoka asanakankhe. Wogonetsayo analemba mlingowo ndi nthawi yake pa fomu, anawonkhetsa 350, n'kulemba pansi pake kuti a kuwodi asaperekenso mankhwala a dzanzi tsiku limenelo. Kenako anakokera mpando kumutu kwa wodwala n'kumufunsa amene akuyendetsa njinga masiku amene iye akhale ali ndi chikhakha.